Mdzukulu wanga amutcha dzina limene lilime langa likukana: ndinene kapena ndimeze?

Gogo_waku_Bangula
Abale anga a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Mwana wanga woyamba, wamwamuna, amakhala ku Chilomoni ku Blantyre ndi mkazi wake. Sabata yatha Mulungu wawapatsa mwana wamkazi, mdzukulu wanga woyamba. Ndinavina ndekha pakhonde mpaka aneba kutuluka kudzaona kuti kwagwanji. Dzulo mchombo wagwa, ndiye anditumizira chithunzi pa WhatsApp, pansi pake alemba kuti "Agogo, landirani Mila." Akuti ndi dzina lakunja, amake analipeza pa intaneti, ndipo tanthauzo lake ndi labwino.

Koma khutu langa silikumva zakunjazo. Likumva kuti mira. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti kwathu kwenikweni ndi ku Makhanga, kuno anandibweretsa ndi madzi a Januwale 2015. Usiku umene uja ndinatuluka m'nyumba nditagwira ana awiri, kunja kunacha ndili mumtengo ndi mmodzi. Mwana wanga wotsiriza, wamkazi wa zaka 7, manda ake kulibe mpaka lero. Ndiye lero ndiziima pakhomo n'kumakuwa kuti Mila, Mila, bwera udzadye, konkuno kuchigwa cha Shire?

Ndinangoyankha kuti zikomo, mwana ndi wokongola. Mpongozi wangayo ndi mwana waulemu, wa ku Dowa, sitinayambanepo. Ndikuopa kuti ndikatsegula pakamwa ndikhala apongozi ovuta aja amanenedwa pa mjigo. Kodi ndi malo anga kunena?

Kabaza_Dyeratu
Pepani mayi. Koma mwana ndi wa eni ake. Inu munatcha anu, asiyeni nawo atche awo.

NyaTengani
Iwe Kabaza wawerenga mpaka pansi koma? Mayiwa sakudandaula kuti dzina silikuwakomera ngati ndiwo zochepa mchere. Mwana wawo anapita ndi madzi.

Kabaza_Dyeratu
Ndawerenga. N'chifukwa chake ndayamba ndi pepani.

Bambo_Zuze58
Kwa ife Asena nkhani ngati iyi sikanafika n'komwe pagulu. Mkazi ukamulowola ana ndi a kuchimuna, ndipo mmene ndinakulira ine, dzina la mwana woyamba limachokera kwa makolo a mwamuna kapena kwa azakhali. Mwana akatuluka m'chikuta, wotcha dzina amabwera ndi kangachepe m'manja, kaya nkhuku kaya ndalama, n'kumuyangata mwanayo, n'kutchula dzina anthu akumva ndi makutu awo. Pakanakhala vuto ndi dzinalo, pompo wina akanatsokomola. Zanu za lerozi mukulengeza dzina pa foni ngati zigoli za mpira. Ine adzukulu ndili nawo 6, anayi ndinatcha ndine, palibe anatsutsa. Mayi, muitaneni mwana wanuyo mumuuze kuti dzina limenelo pakhomo panu silikulowa. Basi.

MwanaWaLundu
A Zuze, musafunditse chigwa chonse bulangete limodzi. Ife Amang'anja ndi a chikamwini, ana amawerengeredwa kuchikazi ndipo mwini mbumba ndi malume. Kwathu ku Mbewe agogo a kuchimuna amapatsidwa ulemu wotcha dzina, inde, koma ndi ulemu wochita kupatsidwa, si wolanda. Komanso mpongozi wawoyo ndi Mchewa wa ku Dowa. Munafunsa ngati analowola?

Gogo_waku_Bangula
Sitinalowole. Kwawo anati iwo alibe mwambo umenewo, ankhoswe anangopereka zochepa zimene anatchula. Ndipo ngakhale tikanalowola, a Zuze, ine sindikufuna kupambana mlandu. Ndikufuna ndizitha kumuitana mwanayo.

Make_Tadala
Ndiloleni ndiyankhule ngati mpongozi, poti apa ayankhula kale agogo ndi amalume. Ine mwana wanga woyamba ndinabereka pa opaleshoni. Tsiku lachiwiri, ndili chigonere, ndisanathe n'kudzuka komwe, apongozi anga analowa muwodi ndi basiketi ya phala. Bambo a mwana anawauza kuti tamutcha Tadala. Iwo anaika basiketi pansi n'kunena mokweza, azimayi onse a pamabedi ena akumva, kuti "Mwadala chiyani? Mwana ameneyu ndi Fatima, dzina la mayi anga." Anatenga mwanayo m'manja mwanga n'kuyamba kumuimbira Fatima, Fatima. Amuna anga anangoyang'ana pansi ngati ataya ndalama.

Papita zaka 8. Mwanayo kwa agogo ake ndi Fatima, kusukulu ndi Tadala, ndipo iye sizimamuvuta, amavomera onse awiri. Amene zimandivuta ndine. Ndikamva mawu a apongozi anga pa foni mtima umabwerera pabedi paja. Chodabwitsa n'chakuti dzina la Fatima sindidana nalo. Akanadikira ndituluke, akanandiitanira kuseri n'kundiuza kuti mwananga, mayi anga anandilera movutika, ndikufuna dzina lawo lisafe, ine ndikanavomera ndi manja awiri kuti likhale lachiwiri.

Ndiye Gogo, chimene muli nacho inu n'chachikulu kuposa cha apongozi anga. Nenani. Koma musanene pa gulu la banja la WhatsApp pamene pali azilamu ndi asuweni 30, musatume munthu, ndipo musayambe ndi mpongozi. Mayi amene wangochira kumene amalira ngakhale supuni ikagwa.

Bambo_Zuze58
Apongozi anuwo sanalakwe. Analakwa ndi amuna anu amene sanakuphunzitseni mwambo.

Make_Tadala
Mwambo wokuwa muwodi ndi wa mtundu uti, bambo?

Nzimbe77
Hahaha a Zuze khalani pansi mumwe madzi, kwatentha.

Mphunzitsi_Ngabu
Ine ndaphunzitsa Sitandade 1 ndi 2 zaka 19, ndipo kaundula wa kalasi ndimamuitana m'mawa uliwonse. Chimene makolo a masiku ano amaiwala n'chakuti dzina iwo amalisankha ndi maso, pa sikirini ya foni, koma mwanayo adzakhala nalo m'makutu a anthu. Ndipo pakamwa pa Mmalawi l ndi r ndi mapasa, sitisiyanitsa. Olemba mabuku okha ndi amene amadziwa kuti apa pakhale r, apa pakhale l.

Chaka china ndinali ndi kamtsikana dzina lake Zara. Papepala lokongola zedi. Sabata yoyamba isanathe anzake anali atamusandutsa Dzala, ndipo akasesa m'kalasi amafuula kuti zinyalala kwa Dzala. Ndinalanga, ndinalangiza, koma ana 90 sungawatseke pakamwa pobwerera kunyumba. Mwanayo anayamba kujomba. Amake atabwera anati, aphunzitsi, ife sitinaganizeko. Ndinawafunsa ngati panalibe wamkulu amene anaona zimenezi. Anati agogo ake anaseka tsiku loyamba lomwelo koma sananene chimene amaseka. Mwaona? Chete wa agogo uja amene anamulipira ndi mwana wa zaka 6.

Sindikunena kuti agogo azikana dzina lililonse limene sakutha kulitchula. Ambiri amangodana ndi chachilendo, ndipo amenewo ndilibe nawo chisoni, Jayden adzakhala Jedeni ndipo dziko silitha. Koma pamene wamkulu wamva chinthu chimene anawo sanamve, kubisa si ulemu. Mila ku Chilomoni mwina adutsa. Tsiku limene adzabwere kutchuthi n'kukasamba ndi anzake kumtsinje, mudzamva zimene ana adzaimbe.

Sekulu_Manda
Ndikuseka pang'ono, mundikhululukire. Ine dzina langa lobadwa nalo ndi limene mukulionali. Amayi anataya ana atatu motsatizana ndisanabadwe ine, onse asanayambe kuyenda. Nditabadwa, ambuye anga aakazi anati uyunso ndi wa kumanda, musamukonzere dzina labwino. Nzeru yake inali yakuti imfa ikamva dzina lonyansa idutsa, iziti uyu ndi wotayidwa kale. N'chifukwa chake m'midzi mwathumu munali a Maliro, a Nyansi, a Mavuto, a Masautso. Lero ndili ndi zaka 71, ng'ombe ndili nazo, thonje ndalima mpaka msana kupindika. Anzanga a Madalitso ndi a Moyenda ambiri ndawaperekeza. Dzina silipha munthu, mayi, ndipo silimiza munthu. Madzi a Ruo safunsa kuti iwe ndiwe yani.

Koma ndionjezere ichi. Ambuye anga ankadziwa chimene akuchita, analitcha dala. Ana anuwo atcha mosadziwa. Munthu amene wavala malaya mozondotsa umamuuza, akafuna kupitiriza ulendo choncho ndi zake.

NyaTengani
Takhuta ayavu, zikomo agogo. Apa mwanena zonse.

Katekisiti_Muona
Nkhaniyi ndi yakale ngati Baibulo lomwe. Pa Luka 1, abale ndi anansi atabwera tsiku lachisanu ndi chitatu anafuna kumutcha mwana Zakariya, dzina la bambo ake. Elizabeti anakana, nati ndi Yohane. Iwo anatsutsa kuti pa abale ake palibe wa dzina limenelo, mpaka anakodola bambo amene anali wosalankhula, iye n'kulemba kuti Yohane. Abale ananena maganizo awo, makolo anagamula. Ndondomeko yake ndi imeneyo.

Mlongo_wa_Dorika
A Katekisiti mwasankha vesi yokukomerani. Tsegulaninso Rute 4. Amene anamutcha Obedi ndi amayi achinansi, ndipo ankati mwana wabadwira Naomi, gogo. Nanga Genesis 35? Rakele akumwalira anatcha mwana Benoni, dzina lachisoni, Yakobo n'kulisintha kukhala Benjamini. Dzina lokumbutsa maliro limasinthidwa, zinalembedwa.

Katekisiti_Muona
Analisintha ndi bambo wa mwana, mlongo. Osati agogo.

Kabaza_Dyeratu
Inu mukuopa Mila pamene tsiku lililonse anthu akuwoloka pa Mtayamoyo ndi bwato, njinga, mbuzi, matumba a chimanga. Dzina loopsa kuposa limenelo lilipo? Koma anthu amapita ku Makhanga n'kubwerako.

Nzimbe77
Pamene paja anatcha ndi madzi omwe, atadula njanji mu 1997. Sanakhale pansi munthu kusankha pa intaneti.

MwanaWaLundu
Ndipo mayina amasinthika, musaope. Nsanje yomweyi atsamunda ankaitcha Port Herald, lero ndani akuitchula choncho? Boma lathu lomweli ena amalemba Chikwawa ena Chikhwawa, makalata amafikabe.

Nzimbe77
Kwathu ku Nchalo kuli kamnyamata kanabadwira kukampu mu Malichi 2023, anakatcha Freddy. Agogo ake anakana kukanyamula mwezi wathunthu, amati ndinyamule chimphepo chimene chandigwetsera nyumba? Pano ndi amene amakabereka kumsana popita kumsika, akuti Fule wanga.

Bambo_Zuze58
Mayina athu ambiri ndi obwereka kale. Zuze, Antonyo, Alufandika, zonsezi zinakwera ndi Zambezi kuchokera kwa Apwitikizi. Koma tinabwereka akuluakulu akuona.

Make_Tadala
Ndiye kubwereka kwa Apwitikizi ndi mwambo, kubwereka pa intaneti ndi mwano? A Zuze inu.

Woyang'anira_Gulu
Abale, tabwererani kwa Gogo. Za Apwitikizi ndi njanji mutsegule nkhani yake payokha.

Wazaumoyo_EastBank
Ine ndikambe za mapepala, poti ndi zimene ndimakumana nazo kusikelo. Kale dzina limatha kusintha katatu mwana asanayambe sukulu, palibe amalemba paliponse. Masiku ano mwana akabadwira kuchipatala amalembedwa, zikalata zimapita ku NRB, ofesi ya boma ya kalembera wa nzika, kuti apeze satifiketi ya kubadwa, ndipo dzina lomwelo lilowa m'kabuku ka kusikelo, kenako kusukulu, kenako pa chiphaso cha unzika. Amene munalembetsa ziphaso mu 2017 mukukumbukira anthu amene anapezeka ndi dzina lina pa satifiketi ya sukulu, lina pa kalata ya ubatizo, lina kwa nyakwawa, ndi mmene anazunguliramo kuti zigwirizane. Kusintha n'kotheka koma ndi maulendo a ku boma. Ndiye ngati mukunena, nenani sabata ino. Mukadikira kuti mudzanene pa Khirisimasi akadzabwera, mudzangowapweteka mtima pa chinthu chimene chauma kale.

Anaphiri_aku_Thabwa
Musavutike mayi. Ngati dzinalo si lake, mwanayo alikana yekha. Adzalira usiku wonse osagona mpaka atamusintha. Wanga wachiwiri analira masabata awiri, titamutcha dzina la malemu agogo ake anagona tsiku lomwelo.

Wazaumoyo_EastBank
Anaphiri, za dzinazo sindikutsutsani, ndi chikhulupiriro chanu. Koma khanda likamalira osaleka, kapena likatentha thupi, kapena likakana bere, thamangani nalo kuchipatala kaye, mayina mukambirana pobwerera. Kuchigwa kuno malungo sadikira msonkhano wa banja.

WakuChigwa_Joni
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhuleko ngati mwana wamwamuna amene ali kutali ndi kwawo. Ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi. Mayi, ine ndikukhulupirira kuti mwana wanuyo sanamve chimene inu mwamva. Tikakhala m'tauni mutu umagawika pawiri. Dzina likabwera m'chizungu timalisunga mbali ya chizungu, silikumana n'komwe ndi mawu a kwathu. Ineyo ndawerenga Mila pamwambapa osaona kanthu, mpaka pamene munalemba kuti mira, thupi lonse linachita tsemwe.

Ndipo amene anapita ndi madziyo ndi mchemwali wake. Si inu nokha munataya. Tsiku lina adzazindikira yekha, mwina mwana ali ndi zaka zitatu, mwina wina atanena mwachipongwe pamaliro, ndipo adzakufunsani kuti amayi, inu munamva tsiku loyamba lomwe, bwanji simunandiuze? Pamenepo mudzayankha chiyani?

Muimbireni nthawi imene ali kuntchito, osati madzulo ali pambali pa mkazi wake. Musamuuze kuti sinthani. Muuzeni chimene khutu lanu likumva, mutchule dzina la mchemwali wakeyo, kenako mukhale chete. Zokakambirana ndi mkazi wake musiyireni yekha, ndi nyumba yake. Akakana kusintha musabwerezenso, ndipo inu monga gogo muli ndi ufulu umene palibe angakulandeni, womutcha mdzukulu dzina lanu la pakhomo. Ine agogo anga ankanditcha Kambuzi mpaka tsiku limene anatsikira kuli chete, ndipo palibe dzina limene ndimalisowa ngati limenelo.

Kabaza_Dyeratu
Kambuzi, wayankhula ngati munthu wamkulu. Ndabweza mawu anga aja, theka lokha.

Bambo_Zuze58
Zonyengerera mwana wobereka wekha ine sindizimva. Koma chitani, tione.

Make_Tadala
Chimodzi chokha Gogo. Akakakamira dzinalo musadzaganize kuti mpongozi wakudererani. Mwina analisunga mumtima kuyambira ali kusekondale. Ine la Tadala ndinalilemba kuseri kwa kope ndili Fomu 2.

Gogo_waku_Bangula
Ndabweranso abale. Ndinagona nazo masiku awiri, dzulo masana ndinamuimbira. Ndinachita monga ananenera mwana wa ku Joni uja. Ndinati mwananga, dzina mwatcha ndalimva, koma tandiuza, ukalitchula mokweza m'chilankhulo chathu likuti chiyani? Anayamba kuseka, akuti amayi inunso. Kenako analitchula yekha kawiri. Kuseka kunatha. Panapita nthawi osayankhula mpaka ndinayang'ana foni kuti kapena mayunitsi atha. Kenako ndinamva akufwenthera. Mwana ameneyu nthawi ya madzi ija anali kusukulu yogonera, anabwera patapita masiku kudzatipeza kukampu, ndipo chiyambire sitinakhalepo pansi ine ndi iye kukamba za mchemwali wake. Dzulo ndi pamene takamba, mphindi 40, ine nditakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba kuti ana asandione.

Usiku anaimba mpongozi mwini wake. Mtima unagunda, ndinati basi ndayatsa moto. Koma anati amayi, pepani, ine za mlamu wanga ndinkazidziwa koma dzinali sindinalimve choncho. Analira, inenso ndinalira. Kenako ananena mosabisa kuti dzinalo amalikonda, ndipo kwawo ku Dowa alengeza kale, mayi ake agula ndi kabulangete kolembedwa dzinalo. Sanalonjeze kuti alichotsa. Chimene anapempha n'chakuti ndipite ndikamuone mwanayo, ndikamutche langa, ndipo likalembedwe pa satifiketi limodzi ndi lawolo. Liti likhale patsogolo akuti akambirana awiriwo.

Sindinganame kuti mtima wagweratu pansi. Dzina lija likadalipo, ndipo anthu ena adzamuitana nalo ine ndikumva. Koma Loweruka ndikukwera minibasi ya m'mamawa.

NyaTengani
Mwasankha kale dzina? Musatiuze kuti mukamutcha la malemu, mungamalire nthawi iliyonse mukamuitana.

Gogo_waku_Bangula
La malemu ayi, limenelo ndi lake yekha. Ndili nalo lina koma alimve kaye mwini wake. Amene mwakwera posachedwa, nkhuku yamoyo akulola m'minibasi kapena ndiimange m'katoni?

Kabaza_Dyeratu
M'katoni mayi, muboole mabowo ambiri, ndipo mukhale nayo pamiyendo. Mukaipereka kwa kondakitala aiika kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala, pofika pamwamba pa phiri la Thabwa idzakhala ndiwo kale.